Thanzi la pakhomo tiziliyang'ananso m'kamwa

Kuno kwathu kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia, munthu timamuwerengera kuti ali bwino malinga ngati akudzuka m'mawa n'kunyamula khasu. Wodwala ndi yekhayo wagona pamphasa. Koma taonani mayi amene watha mwezi akutafunira mbali imodzi chifukwa dzino likum'baya, mwana wa zaka zinayi amene msinkhu wake uli ngati wa zaka ziwiri, ndi bambo amene tulo sakutiona poganiza za ngongole ya feteleza. Onsewa akuyenda, onsewa akupita kumunda, koma palibe amene ali ndi thanzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malamulo ake amene anayamba kugwira ntchito mu 1948, linanena kuti thanzi ndi kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndiponso pakati pa anzako, osati kungokhala wopanda matenda. Ine ndimagwirizana nazo kwathunthu, chifukwa ndi zimene timaona m'midzi.

Zimene zimamanga kapena kugwetsa thanzi zambiri sizili kuchipatala. Zili m'mbale, pachitsime, m'chimbudzi, m'thumba, ndi pa mtunda wochoka pakhomo kufika kukiliniki. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira. Izi zimandiwawa ndikaganiza kuti chigawo chathu ndicho chimadziwika ndi mtedza. Ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi matumba a mtedza ndi soya amakwera malole, pamene mwana wa mlimi yemweyo akumwa phala loyera lopanda nsinjiro. Musanagulitse, patulani wapakhomo, ndipo patulani wabwino. Mtedza wofota ndi wachuku, umene ambiri timausiyira ana chifukwa wogula waukana, umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Madzi akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe, chimbudzi chikhale ndi chivundikiro, aliyense agone m'neti. Izi mwazimva kambiri ndipo sindikhalitsapo.

Pamene ndikufuna tikhalitse ndi m'kamwa, chifukwa ndi mbali ya thupi imene timaikumbukira pokhapokha yatipweteka. Chonsecho chakudya chilichonse chimene talima chimadzera momwemo. Agogo amene mano anatha amasiya nyama, chimanga chokazinga ndi mtedza, n'kumangodalira phala ndi tiyi, thupi n'kumatsika. Mwana wa dzino lobooka sagona, sadya bwino, m'kalasi samva. Mtsikana wa fungo m'kamwa amaopa kuyankhula pagulu. Lipoti la WHO la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lapansi ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo ochuluka a matendawa ndi opeweka.

Ambiri amati dzino likamawawa ndiye kuti muli kambozi. Mulibe mbozi. Chimene chimachitika ndi ichi: pamano pamamatirira litsiro loterera, loyererako, limene mungalipale ndi chikhadabo m'mawa. M'litsiro limeneli mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Mukadya chotsekemera, tizilomboti timadyanso shugayo n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amasungunula chikutu cholimba cha dzino. Malovu amayesetsa kuchotsa asidiyo ndi kulimbitsanso dzino, koma amafuna nthawi, theka la ola kapena kuposerapo. Kubooka kumayamba mwakachetechete monga amachitira anankafumbwe m'nkhokwe: kunja chimanga chikuoneka chabwinobwino, m'kati mwasanduka ufa. Pofika poti dzino liwawe, dzenje limakhala litayandikira mtsempha.

Ndiye chifukwa chake chowononga kwambiri si kuchuluka kwa shuga kokha, koma kudya kangati pa tsiku. Mwana amene wadya maswiti atatu nthawi imodzi atangotha nsima wavulaza mano pang'ono poyerekeza ndi amene akumung'unya siwiti imodzi m'mawa, bisiketi pa buleki, chakumwa chozizira cha m'kapepala poweruka, ndi nzimbe madzulo. Wachiwiriyu mano ake akhala m'asidi tsiku lonse. Makolo, ndalama ija timapatsa mwana popita kusukulu nthawi zambiri imathera pa zimenezi. M'patseni mbatata yophika, chinangwa, nthochi, mtedza wokazinga kapena dzira. WHO imalangiza kuti shuga wothira asapitirire supuni zazing'ono pafupifupi 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kuti 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la 500 ml limatha kukhala ndi supuni zoposa 10. Onjezanipo zija timathira mu tiyi, m'phala ndi mu thobwa.

Pali amene amandiyankha kuti shuga wa m'Zambia ali ndi vitamini A, choncho ndi wabwino kwa ana. N'zoona kuti kuyambira 1998 lamulo limafuna kuti shuga wapakhomo athiridwe vitamini A. Koma vitaminiyo sachotsa mphamvu ya shuga yoboola mano. Vitamini A yemweyo ali mu mbatata yofiira m'kati, chimanga cha olenji, maungu, mango, papaya, nkhwani ndi bonongwe, zimene tingalime tokha kudimba.

Tsopano katsukidwe. Kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Werengani pa chubu musanagule, mawu akuti fluoride akhalepo, chifukwa ndi amene amalimbitsa chikutu cha dzino. Pa maulendo awiriwo, wofunika kwambiri ndi wa usiku, ndipo ndi umene ambiri timaudumpha. Munthu akagona malovu amachepa, ndiye zotsalira za chakudya zimagwira ntchito yowononga mpaka kucha popanda chozitsuka. Mukatha kutsuka, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwala atsalire pamano. Mswachi ukhale wofewa, muziuyendetsa mozungulira pamene dzino lakumana ndi nkhama, kunja, m'kati ndi pamwamba potafunira, osaiwala lilime. Ukanyankhalala, kapena pakatha miyezi itatu, sinthani. Aliyense akhale ndi wake.

Ngati ndalama ya mswachi wa m'sitolo palibe, wa kamtengo umachotsa litsiro bwino ndithu mukautafuna mpaka nsonga ifewe ndi kufika nawo mano onse, makamaka akumbuyo. Mutha kupakapo mankhwala pang'ono. Chimene sindivomereza ndi mchenga, makala ndi phulusa. Mano amaoneka oyera tsiku limenelo, koma mukupala chikutu chimene sichimeranso.

Za ana ndiyankhule ndi inu amayi, komanso inu abambo, chifukwa ntchitoyi ndi ya nonse. Mawu akuti "ndi mano aubwana, adzaguluka okha" awonongetsa ana ambiri. Mano oyamba alipo 20, amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo ena a iwo amakhala mpaka zaka 11 kapena 12. Ndi amene mwana amatafunira pa zaka zimene akukula msanga, ndiponso amasungira malo mano achikulire. Yambani kutsuka dzino loyamba likangotuluka, ndi mankhwala ochepa ngati kambewu ka mpunga. Kuyambira zaka zitatu akhale ngati njere ya nandolo. Muzimutsuka inuyo kapena kumuyang'anira mpaka zaka 7 kapena 8, chifukwa dzanja la mwana silinakhwime. Pali dzino limodzi limene limapusitsa makolo: pa zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lalikulu lotafunira popanda lina kuguluka. Limeneli ndi lachikulire, likaola palibe lina lobwera m'malo mwake. Khanda liyamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndipo mwana asagone ndi botolo la tiyi wa shuga kapena juwisi kukamwa.

Nkhama zikamatuluka magazi potsuka, ambiri amasiya kutsuka pamenepo poopa kuonjeza bala. Kusiyako ndiye kumakulitsa vuto, chifukwa magaziwo akubwera kaamba ka litsiro lomwe lija. Pitirizani kutsuka mofatsa, ndipo pakatha sabata ziwiri osasintha, kaonetseni. Amayi oyembekezera zimawachitikira kawirikawiri chifukwa cha kusintha kwa m'thupi, ndipo azinena kusikelo. Si zoona kuti mimba iliyonse iyenera kudya dzino. Odwala matenda a shuga nawo nkhama zawo zimadwala msanga, ndipo nkhama zodwala zimavutitsanso kutsitsa shuga m'magazi. Zoyera zomata lilime ndi m'masaya mwa munthu wamkulu, zosamva kutsuka, nthawi zina zimasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo ndi bwino kukayezetsa magazi.

Fodya ndi mbewu imene imabweretsa ndalama m'makomo ambiri kuno, koma m'kamwa ndi mdani, kaya wosuta kaya woika kunsi kwa mlomo. Akaphatikizana ndi kachasu, ngozi ya khansa ya m'kamwa imakwera kwambiri. Chilonda cha m'kamwa, chotupa, kapena banga loyera kapena lofiira lomwe latha sabata zitatu osapola, ngakhale lisakuwawa, likaonedwe kuchipatala.

Dzino likawawa, chonde musaikepo asipirini, mafuta a buleki, madzi a batire kapena fodya. Zimenezi zimaotcha nkhama ndipo dzenje limakhalapobe. Imwani panado monga mwa malangizo, chukuchani ndi madzi ofunda a mchere, ndipo pitani kukiliniki. Ngati kumeneko kulibe wa mano, adzakulemberani kalata yopita kuchipatala cha boma lanu kapena ku Chipata Central Hospital. Ndikudziwa kuti kwa wochokera ku Vubwi kapena ku Chadiza kumudzi, ulendo ndi ndalama. Koma wopita msanga dzino amatha kungolimata, pamene wochedwa amalipira ulendo womwewo n'kubwerako dzino litazulidwa. Tsaya likatupa, thupi n'kutentha, kukamwa n'kumakanika kutsekuka kapena kumeza n'kumavuta, musadikire kuti kuche, chifukwa mafinya a dzino amatha kutsikira kukhosi n'kutseka mpweya. Chimodzimodzi mwana wonyentchera wa zaka 2 mpaka 6 amene nkhama zachita zilonda, m'kamwa mukununkha kwambiri ndipo tsaya layamba kutupa: akhoza kukhala matenda a noma, amene amadya nkhope m'masiku ochepa, koma amamva mankhwala akapezeka koyambirira.

Kuno ku Chipata njinga ndi zambiri, ndipo kugwa n'kuguluka dzino lakutsogolo si zachilendo. Ngati ndi dzino lachikulire, litoleni pogwira kumutu osati kumuzu. Likakhala ndi dothi litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera osalipala, ndipo mulibwezere m'malo mwake, munthuyo alume kansalu koyera. Zikakanika, liikeni m'kapu ya mkaka n'kuthamangira kuchipatala ola lisanathe. Dzino laubwana lokha ndilo silibwezeredwa.

Kamodzi pamwezi, tsiku lopita kusikelo likhoza kukhala losavuta kukumbukira, khazikani mwana pamwendo panja powala, kwezani mlomo wake wam'mwamba ndi kuyang'ana mano m'mphepete mwa nkhama. Mukaona timizere toyera ngati choko, kumeneko ndiko kuyamba kwa kubooka, ndipo pa siteji imeneyi dzino limatha kulimbanso mukachepetsa zotsekemera ndi kutsuka ndi fluoride usiku uliwonse. Mukaona madontho a bulauni kapena akuda, auzeni anamwino tsiku lomwelo.