INOmax: Malangizo kwa Anesi Osamalira Makanda Ovutika Kupuma

INOmax ndi mpweya wa nitric oxide umene khanda limapuma kupitira m'makina othandiza kupuma. Ndi wa khanda lobadwa mimba itapitirira milungu 34, limene mitsempha ya magazi ya m'mapapo mwake yakana kumasuka litabadwa. Khanda lotere limaoneka labuluu m'milomo ndi m'zala ngakhale mukulipatsa okosijini wambiri.

Mankhwala omasula mitsempha akadutsa m'dripu amamasula thupi lonse, BP n'kugwa, khanda n'kufooka kwambiri. Mpweya uwu sucita conco. Umangofika m'timatumba ta m'mapapo mmene mpweya ukulowa, n'kufewetsa mitsempha ya pomwepo. Ukangolowa m'magazi, hemoglobin, imene imanyamula okosijini m'magazi, imaugwira nthawi yomweyo ndipo mphamvu yake imathera pamenepo. Ofufuza anayamba kuona zimenezi pa ana a nkhosa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linavomereza mankhwalawa mu 1999.

Musanayambe, adokotala aunike mtima wa khanda. Ngati moyo wake ukudalira magazi odutsa kucoka kumanja kupita kumanzere kwa mtima, musalipatse.

Mlingo ndi 20 ppm (magawo 20 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya), kwa masiku osapitirira 14 kapena kufikira okosijini atakhazikika m'magazi. Musakweze poganiza kuti khanda licira msanga. M'silinda nthawi zambiri mumakhala 800 ppm, conco mpweyawu uzidutsa m'makina ake oyezera basi. Pakati pa maola 4 ndi 8 mutayamba, pimani methemoglobin, hemoglobin yosinthidwa ndi mpweyawu, cifukwa ikacuruka magazi amalephera kunyamula okosijini. Muziyang'ananso nitrogen dioxide, mpweya umene umapangika nitric oxide akasakanikirana ndi okosijini, pa makinawo, poti imaononga mapapo.

Cacikulu koposa n'ici: musatseke mpweyawu mwadzidzidzi. Mitsempha imafinyikanso, okosijini n'kutsika mofulumira, ngakhale kwa khanda limene linkaoneka kuti silikuthandizidwa nawo. Magetsi amathima nthawi iliyonse, ndiye poyamba shifiti onani batire, silinda yacibiri ndi cikwama copopera mpweya ndi manja, zonse zikhale pambali pa bedi. Nthawi yosiya ikakwana, tsitsani pang'onopang'ono, mukudikira maola angapo pa mlingo uliwonse. Khanda likayambanso kusintha mtundu, bwezerani mpweyawo pomwepo ndipo itanani adokotala.