Kupanga zenera la magalasi amitundu lopirira dzuwa la ku Chigwa cha Shire

Kampani imene William Morris ndi anzake anayambitsa ku London mu 1861 inatchuka ndi mazenera a m'matchalitchi, ambiri ojambulidwa ndi Edward Burne-Jones. Amisiri otsatira mwambo wa Arts and Crafts (gulu la ku Britain lolimbikitsa luso la manja), monga Christopher Whall, ankalimbikira zinthu ziwiri: wojambula adziwe ntchito yonse ndi manja ake, ndipo zojambula zichokere ku zomera ndi mbalame zimene amaziona. Kwa ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndiye kuti tsamba la thonje, duwa la nyika la ku Elephant Marsh, kakowa, mlambe.

Yambani ndi kazenera ka masentimita 30 kwa 40, ka zidutswa za galasi zosapitirira 20. Mufunika galasi lamitundu la mamilimita 3, chodulira galasi, pulayala, mwala wonolera, tepi ya mkuwa ya mamilimita 5.5, solder wa 60/40 (chitsulo chosungunula polumikiza zidutswa, cha magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu), flux (mankhwala othandiza solder kugwira pa mkuwa), ndi chowotcherera cha mawati 80 mpaka 100. Amisiri akale ankalumikiza ndi timizere ta mtovu, koma tepi ya mkuwa, imene imamatidwa m'mphepete mwa chidutswa chilichonse kuti solder agwirepo, ndi yosavuta kwa woyamba.

Ntchito imakoma kapena kuwonongeka pa pepala. Mzere uliwonse umene mwajambula ndi malo amene galasi liyenera kuthyoka, ndipo galasi likayamba kung'aluka limapita mpaka m'mphepete. Tsamba la thonje lili ndi mipata yolowa mkati, simungalidule lathunthu. Ligaweni potsata mitsempha yake, zidutswa zitatu kapena zisanu, ndipo mizere ya solder idzaoneka ngati mitsempha yeniyeni. Apa ndi pamene pagona luso la mwambowu: cholumikizira chimakhala mbali ya chithunzi, sichibisidwa. Tsamba la nzimbe ndi lalitali ndi lopyapyala, limathyoka pakati; lidulenidulenso pamene likupindika. Jambulani mapepala awiri ofanana, lina lodula zidutswa, lina loyalirapo, ndipo siyani mpata wa milimita imodzi pakati pa zidutswa.

Musaope mitundu yakuda. Dzuwa la kuno ndi lamphamvu moti galasi lotuwa limangooneka loyera masana, pomwe lobiriwira kwambiri ndi lofiira limawala bwino.

Podula, nyowetsani kagudumu ka chodulira ndi parafini pang'ono, kokani kamodzi kokha, ndipo thyolani nthawi yomweyo. Mukabwereza pa mzere womwewo, kagudumu kamabuntha ndipo galasi limang'aluka kopanda mzere. Pokhota molowa mkati, lembani mizere itatu kapena inayi yosaya, muzibenthula umodziumodzi. Nolani m'mphepete ndi mwala wonyowa. Valani magalasi oteteza maso.

Tepi ndiyo imavutitsa kuno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, manja amatuluka thukuta, ndipo tepi simata pa galasi la thukuta kapena parafini. Tsukani chidutswa chilichonse ndi sopo, chiume, pukutani m'mphepete ndi sipiriti, ndipo gwirani ntchitoyi m'mamawa. Galasi likhale pakati penipeni pa tepi, kenaka tsinderani ndi kamtengo kosalala mpaka makwinya athe. Tepi yotsala isungeni m'botolo lotseka, pamthunzi. Ndipo musamate lero n'kudzawotcherera mwezi wamawa, makamaka m'dzinja: mkuwa umada ndi chinyontho, solder n'kumakana kugwira.

Yalani zidutswa pa thabwa, mukhomere timitengo m'mbali kuti zisasunthe. Pakani flux pang'onopang'ono, malo okhawo amene muwotcherere tsopano, chifukwa amauma msanga. Donthezani solder pa mphambano zonse poyamba, kenaka yendetsani chowotcherera mosaima. Solder wa 60/40 amasungunuka pa madigiri pafupifupi 190. Mukaima malo amodzi, amadonthera kuseri kapena galasi limang'aluka. Pamene sipanaoneke bwino pasiyeni pazizire, mubwererepo. Tembenuzani, chitaninso kuseri. Pomaliza tsukani ndi madzi a sopo othira soda wophikira, apo ayi flux wotsala amatulutsa zoyera m'mizere. Solder ameneyu ali ndi mtovu: gwirani ntchito pamalo opita mphepo, osadyerapo, ana akhale patali, sambani m'manja musanagwire chakudya.

Za utoto: wa amisiri enieni umawotchedwa mu uvuni wa madigiri pafupifupi 650 kuti ulowerere m'galasi. Utoto wongopaka umasuluka ndi kukanganuka pa zenera la dzuwa, choncho diso la kakowa kapena mlomo wake ndi bwino kuziumba ndi waya wa mkuwa wowotcherera pa mzere.

Felemu ikhale ya mtengo wothira mankhwala a chiswe, yokhala ndi mpata wa mamilimita 2 kapena 3 mbali zonse, chifukwa matabwa amatupa m'dzinja ndipo akafinya galasi limasweka. Kunja ikani galasi wamba loteteza ku mvula, fumbi ndi miyala, zenera lanu lamitundu likhale mkati, ndi kampata kopita mpweya pakati pawo.