Kuteteza PlayStation ndi TV magetsi akamathimathima ku Lusaka

Mwafunsa, amayi a ku Chilenje, kuti muchite chiyani kuti PlayStation ya ana ndi TV zisapse magetsi akamangopita n'kubwera. Zambiri zimapsa pa nthawi imene magetsi akubwera, chifukwa mphamvu yake imayamba yadumphadumpha isanakhazikike pa 230 volts.

Poyamba, auzeni ana asamasiye PlayStation pa rest mode, azizimitsa kotheratu. Pa rest mode makinawo amakhala akugwirabe ntchito, ndiye magetsi akaduka mwadzidzidzi, masewera amene anasunga amatha kuwonongeka, mwana n'kulira sabata yonse.

Magetsi akapita, zulani mapulagi pakhoma, ya dikoda yomwe. Akabwera musathamange. Dikirani mphindi 5 kapena 10, muone ngati babu lasiya kuphethira, kenako lumikizani TV, PlayStation pomalizira.

Mukapita ku Kamwala mugule TV guard, kachipangizo kolumikiza pakati pa khoma ndi TV; magetsi akabwera imawachedwetsa yokha ngakhale inu mulibe pakhomo. Ekisitenshoni yotchipa yokha musaidalire chonde. Ine inandiwotchetsa TV mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, ndipo mpaka lero zimandiwawa.