Pellet smoker ikamasinthasintha kutentha, yambani mwachotsa phulusa

Mwaika pellet smoker yanu (chitofu chootchera nyama ndi utsi, chomwe chimayaka ndi ma pellet, tizidutswa ta utuchi wotsendera) pa 110°C koma kutentha kukungokwera n'kutsika, kapena moto ukuzima nyama isanapse? Musathamangire kugula controller yatsopano, kachipangizo kowongolera kutentha.

Zimitsani smoker yanu, izizire kaye, muzule pulagi. Kenako chotsani phulusa lonse m'kambiya koyakiramo moto. Likachuluka limatseka timabowo tolowera mpweya wochokera ku fani, ndiye ma pellet amangofuka utsi osayaka bwino. Pukutaninso kachitsulo koyeza kutentha kam'kati ndi kansalu konyowetsa ndi viniga. Mwaye ndi mafuta zikamatirira pamenepo, kamawerenga molakwika, auger nayo (chitsulo chozungulira chokankhira ma pellet kumoto) n'kumathira ma pellet mosayenera.

Thyolaninso pellet imodzi. Youma imathyoka mwaukhondo, yomwe yakoka chinyezi imangofumbutuka m'zala. Oterowo tayani ndithu, amafufuma n'kutseka auger. Anga ndimasunga m'ndowa yotseka bwino, osati m'thumba lotsegula.