Moto Wa Pansi Pa Mawaya A Malaiti, Nkhani Yandikwana

Chaka chino kuyambira mu Ogasiti ndayenda mbali ya Katete mpaka kulowera cha ku Msoro, ndipo zomwe ndaona zandikwiyitsa abale. Anthu akuunjika mapesi ndi zinyalala pansi penipeni pa mawaya a malaiti nkuyatsa, ati poti pamenepo mitengo inadulidwa kale, moto sulowa mutchire. Anyamata osaka mbewa nawo sasankha, amangoyatsa udzu nkumadikira ndi makasu kumauna, moto ukathamangira kumapolo alibe nazo ntchito.

Ndikawachenjeza kuti magetsi angatsike kudzera mumotowo amandiyankha chimodzimodzi, moto si waya a alangizi, magetsi angadutsemo bwanji. Amadutsa ndithu. Mpweya wouma wozizira ndi umene umatsekereza magetsi kuti asadumphe kuchoka pawaya, pamafunika mavoti (muyeso wa mphamvu ya magetsi) pafupifupi 30,000 kuti aboole sentimita imodzi yokha ya mpweya wotere, nchifukwa chake mawaya aja alibe chikopa koma timadutsa pansi pake osafa. Koma lawi la moto silili ngati mpweya wamba. Mkati mwake muli tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi tomwe timabadwa zinthu zikamapsa, ndiye mpweya wotentha umapepuka, kuonjezanso mwaye ndi phulusa zokwera ndi utsi, zonsezi zimapanga kanjira. Lawi la kandulo mnyumba silingakugwireni shoko ndi mavoti 230 athu aja, ayi, limadutsitsa pang'ono kwambiri. Koma mzere wa mawaya uja wochokera ku Pensulo kudzera ku Msoro kufika ku Chipata umanyamula mavoti 330,000, ndipo ngakhale ya mavoti 33,000 kapena 11,000 yopita kuzigayo ndi kumasukulu siyoseweretsa chifukwa imeneyi ili mmunsi, malawi a udzu wautali wa tsekera amaifika.

Chomwe chimandipweteka mutu nchakuti mapesi muli potashi, yemweyo amene mumagula mu feteleza wa D Compound, ndipo potashi akapsa ndi amene amathandiza lawi kudutsitsa magetsi kwambiri. Ndiye mukutentha chakudya cha nthaka, chakudya cha ng'ombe zanu mu Okutobala, nkuitaniranso magetsi pamutu panu, kenaka mudzabwera kudandaula kuti feteleza wadula. Zosiya mapesi mmunda takhala tikuimba zaka zingati kodi, sindibwerezanso.

Pali bambo wina wachikulire amene anandiimitsa panjinga yamoto nkumati a alangizi, kwathu kuno kwagwa mphenzi yotumizidwa. Ati anayatsa mulu wa mapesi masana dzuwa lili phwee kopanda kamtambo, utsi wakuda utangokwera anamva kuphulika ngati mfuti, kuwala kwa buluu kunatsika mu utsi momwemo, ndipo ng'ombe yake imene inali pafupi inagwa osadzukanso. Iwo anali ataganizira kale mlamu wawo amene amalimbana naye za malire a munda, mpaka ankafuna kupita kwa amfumu. Ndinati tiyeni mukandionetse pamalopo. Kukweza maso, mawaya ali pamwamba pa phulusa ndendende. Ndinawauza kuti bambo, mlamu wanu musiyeni, mphenzi imeneyi mwaikoka ndi machesi anu omwe. Magetsi akatsika pansi amamwazika munthaka, ndipo ng'ombe imavulala kuposa munthu chifukwa miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo ndiyotalikirana, ndiye amalowera uku kutulukira uko kudzera pamtima. Anangoti hmm, sindikudziwa ngati anakhulupirira, paja nkhani ya mlamu inali itawakomera kale.

Ndiye si ng'ombe yokha. Mapolo amitengo akapsa mmunsi amagwa ndi mphepo ya mvula yoyamba, waya nkugona munjira yomwe ana amadutsa popita kusukulu, malaiti azima dera lonse, chigayo chaima, amayi abwerera ndi chimanga pamutu, mankhwala a mufiliji kukiliniki ali pangozi, wowotcherera pamsika wangokhala manja lende tsiku lonse, zonsezi chifukwa cha mbewa zosakwana ndodo ziwiri.

Zochita ndizochepa. Musaunjike kanthu pansi pa mawaya, udzu wozungulira mapolo upaliridwe usanaume, lambulani njira yotchinga moto mmbali mwa munda. Moto ukafika kale pansi pa mzere musayandikire kukauzima ndi masamba kapena kuwaza madzi mmwamba, chotsani ziweto ndi ana muudikire udutse. Waya wakugwa musaukhudze olo ndi ndodo, mukapezeka pafupi chokani mokhwekhwereza mapazi ali pamodzi, imbirani a kampani ya magetsi ya ZESCO ndipo a nyakwawa adziwe tsiku lomwelo. Za mbewa tidzakambirana pamsonkhano wa Lachinayi, anyamata aja abwere nawo.