Mmene mungakonzere msonkhano wa osonkhanitsa ndalama zachitsulo ndi mapepala akale

Munthu amene amasonkhanitsa ndalama zachitsulo zakale kawirikawiri sathera pa chitsulo chokha. M'bokosi mwake mumapezekanso timaenvulopu mmene ndalamazo zinabwereramo, malisiti a ogulitsa, matikiti a sitima, mapositikhadi ndi mapepala ena amene anasindikizidwa kuti agwire ntchito kanthawi kochepa kenaka atayidwe. Msonkhano wa anthu otere umapindulitsa ngati chitsulo ndi pepala zabwera m'chipinda chimodzi, pakuti ndalama yachitsulo imanena zochepa, mwina chaka, dziko ndi nkhope ya wolamulira, pamene pepala limaulula amene anaigwira, zimene inkagula ndi kumene inadutsa. Mabungwe a mbali zonse ziwiri alipo: la osonkhanitsa ndalama limene lero limatchedwa Royal Numismatic Society linayamba ku London mu 1836, linzake la ku America, American Numismatic Association, linayamba mu 1891, ndipo Maurice Rickards anakhazikitsa Ephemera Society, bungwe la osunga mapepala oterewa, mu 1975. Komabe anthu asanu kapena khumi akhoza kuyamba okha popanda kudikira bungwe lililonse.

Choyamba sankhani mutu umodzi ndipo muuze anthu nthawi ikadalipo, chifukwa mukangonena kuti aliyense abweretse zimene ali nazo, tebulo limadzaza ndi zinthu zosagwirizana ndipo kucheza kumagawanika. Mutu wabwino ndi umene ungafotokozedwe ndi chitsulo ndi pepala lomwe. Chitsanzo chake ndi kugwa mphamvu kwa ndalama ku Germany nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, pamene mizinda yambiri inkasindikiza ndalama zake zongoyembekezera, zina za mapepala, zina za dothi lootcha la ku Meissen, zinanso za nsalu za ku Bielefeld. Pofika Novembala 1923 dola imodzi ya ku America inkafanana ndi mamaki (ndalama ya ku Germany ya nthawiyo) 4.2 thililiyoni. Chiwerengero chotere n'chovuta kuchimvetsa, koma envulopu ya chaka chimenecho, yomatidwa masitampa a mamiliyoni ndi mabiliyoni pofuna kutumiza kalata imodzi yokha, imamveketsa nkhaniyo nthawi yomweyo. Mitu ina yoyenera ndi ya masiku amene mayiko anasintha ndalama, monga pa 15 Febuluwale 1971 pamene Britain inayamba kuwerenga mapeni 100 pa paundi, kapena pa 1 Januwale 2002 pamene yuro inayamba kuyenda m'manja mwa anthu m'mayiko 12. Pa nthawi zoterezi maboma ndi mabanki ankagawa timapepala tophunzitsa anthu ndalama zatsopano, ndipo tambiri tinatayidwa.

Malo akhale chipinda chokhala ndi khomo limodzi lodziwika, osati kunyumba kwa munthu amene ali ndi zinthu zamtengo wapatali, ndipo poitana anthu musalembe poyera kuti wakutiwakuti adzabweretsa chakuti. Tebulo liyalidwe nsalu yofewa kuti ndalama ikapulumuka isaphwanyike m'mphepete, ndipo pasakhale chakumwa chilichonse. Ikani tebulolo kutali ndi zenera, popeza dzuwa limafufutitsa inki, koma pakhale nyale imodzi yowala chopendekera, chifukwa kuwala kochokera pambali ndiko kumaonetsa bwino zolemba zimene zatha pa chitsulo.

Nkhani ya kagwiridwe ndiyo imafunika kuinena momveka msonkhano usanayambe, pakuti chitsulo ndi pepala zimafuna zosiyana. Ndalama yachitsulo igwiridwe m'mphepete, makamaka ndi magolovesi, chifukwa thukuta la m'zala limasiya chizindikiro chimene pakapita nthawi chimalowerera. Pepala ndi bwino kuligwira ndi manja osamba ndi ouma, opanda magolovesi a thonje, chifukwa wovala magolovesi samva kupyapyala kwa pepala ndipo amaling'amba mosavuta. Zithunzi zokha ndizo zimafunanso magolovesi. Aliyense alembe ndi pensulo.

Ngakhale tikufuna kuti zinthu ziwirizi zionedwe pamodzi, zisakhudzane. Mapepala ambiri akale ali ndi asidi, ndipo ena ali ndi safa amene amadetsa siliva, monganso amachitira timalamba ta labala. Ndalama yamkuwa ikagona pa kalata m'malo a chinyezi imasiya banga lobiriwira, ndipo timawaya tomangira mapepala timachita dzimbiri n'kudya pepalalo. Timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC timatulutsa mafuta obiriwira amene amawononga ndalama, choncho sankhani ta poliyesita kapena maenvulopu a pepala lopanda asidi. Wina akabwera ndi maganizo opukuta ndalama kuti iwale, kapena omata pepala ndi selotepi, kapenanso olikuta ndi pulasitiki yootcha, mumuletse mwaulemu koma mosabisa mawu. Kupukuta kumachotsa khungu limene chitsulo chapanga pa zaka zambiri ndipo kumasiya timizere tooneka pa galasi, moti ndalama yopukutidwa imatsika mtengo. Zomatira nazo zikalowa m'pepala sizibwezeka.

Nthawi yoonetsa ikafika, munthu mmodzi alankhule kwa mphindi zochepa za chinthu chimodzi kapena ziwiri, ndipo chinthucho chizungulire chili m'kathireyi mpaka chibwerere kwa mwini wake chisanatuluke china. Lamuloli limaoneka lochedwetsa, koma limachotsa kukayikirana, kumene kungathe kupha gulu msanga kandalama kamodzi kakasowa. Wotsogolera aonetsetse kuti wobwera kumene, amene mwina wangobweretsa tikiti imodzi ya basi, wapatsidwa nthawi yofanana ndi ya katswiri. Ine ndimaona kuti mafunso a obwera kumene ndiwo amakakamiza odziwa kunena zimene anasiya kuzifotokoza.

Pakhale zida zochepa za onse: galasi lokulitsa zinthu kakhumi, sikelo yoyeza tizigawo ta galamu, choyezera kukula kwa ndalama, ndi maginito. Siliva ndi golide sizikokedwa ndi maginito, ngakhale kusakokedwa pakokha si umboni, chifukwa mkuwa ndi mtovu nazonso sizikokedwa. Kulemera kumathandiza kwambiri: dola yasiliva ya Morgan ya ku America, mwachitsanzo, iyenera kulemera magalamu 26.73. Koma pali mafunso amene sikelo singayankhe. Ndalama yasiliva ya Maria Theresa ya ku Austria yakhala ikusulidwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 200, ndipo zonse zosulidwa mfumukaziyo itamwalira zimalembedwa chaka cha 1780. Apa lisiti yakale kapena kapepala kolembedwa ndi mwini wake wakale kangasonyeze kuti ndalamayo inalipo kale m'chaka chakuti. Ndiye chifukwa chake gulu ligwirizane kuti ndalama ikasintha manja, kapepala kake kapite nayo. Pa ndalama zamakedzana zofukulidwa pansi nkhaniyi imakhudzanso malamulo, popeza mayiko ambiri amaletsa kutulutsa zinthu zoterezi popanda chilolezo, ndipo ogula osamala amafuna umboni woti chinthu chinachoka m'dziko lake pangano la mayiko la UNESCO la 1970, loteteza zinthu zakale zoterezi, lisanakhalepo kapena kuti chinatuluka movomerezeka.

Kusinthana ndi kugulitsana kubwere kuonetsa kutatha, kuti nkhani ya mitengo isalande malo a kuphunzira. Wogulitsa anene poyera ngati ndalama inapukutidwa, ngati pepala linakonzedwa, kapena ngati chinthucho n'chongotengera chenicheni, ndipo alembe kalisiti kokhala ndi tsiku, mtengo ndi kufotokoza kwa chinthucho. Malisiti osindikizidwa ndi kutentha amafufutika msanga, choncho ajambulidwe tsiku lomwelo. Makalata ndi malisiti amakhalanso ndi mayina ndi maadiresi a anthu amene mwina akadali ndi moyo, ndipo musanaike zithunzi zake pa intaneti muphimbe zimenezo.

Pomaliza mlembi alembe m'buku la gulu tsiku, mutu, zinthu zimene zaonetsedwa ndi mafunso amene sanayankhidwe, n'kupatsa munthu mmodzi funso lililonse kuti akalifufuze. Musanabalalike gwirizanani mutu ndi tsiku la msonkhano wotsatira, ndipo aliyense awerenge zinthu zake ali pa tebulo pomwepo.