Kamwedwe Koyenera ka Melatonin kwa Munthu Wosowa Tulo

Anthu ambiri akamagula melatonin amaganiza kuti apeza mankhwala ogonetsa, oti ukangomeza maso atsekeka. Maganizo amenewa ndi amene amachititsa ena kumawonjezera mapiritsi usiku uliwonse, kenako n'kumadzuka m'mutu muli zii. Melatonin ndi homoni imene thupi limapanga lokha m'kachiwalo kakang'ono ka pakati pa ubongo, ndipo ntchito yake ndi kudziwitsa thupi kuti kunja kwada. Mdima ukagwa imachuluka m'magazi, kukamacha imachepa. Anaitulukira ndi Aaron Lerner ndi anzake ku yunivesite ya Yale mu 1958. Popeza ndi chizindikiro cha nthawi, ola limene mwamwera ndi lofunika kuposa kukula kwa piritsi.

Musanagule, fufuzani chimene chikukulandani tulo. Melatonin imathandiza kwambiri munthu amene nthawi ya m'thupi mwake yasokonekera, monga amene tulo timamubwerera tambala atalira kale, kapena amene wauluka pa ndege kupita kudziko limene nthawi yake ndi yosiyana kwambiri ndi yakwawo. Wochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg safunikira mankhwalawa chifukwa nthawi ndi imodzi, koma wopita ku New York amapeza kusiyana kwa maola 6 kapena 7. Ngati mukungotembenukatembenuka pabedi chifukwa cha ngongole, chisoni cha maliro kapena ululu wa m'thupi, piritsi silichotsa gwero la vutolo. Amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir adziwe kuti mankhwalawo amasowetsa tulo anthu ena. Asawasiye, koma akafotokoze kuchipatala, kumene nthawi zambiri amalangizidwa kumamwa m'mawa.

Yambani ndi mlingo wochepa, theka la miligalamu kapena miligalamu imodzi, ndipo musapitirire mamiligalamu 5 popanda uphungu wa dokotala. Imwani kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti mukagone, pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Mtundu umene umasungunuka pang'onopang'ono m'mimba, monga Circadin wa mamiligalamu 2, umamezedwa wathunthu mutadya, osautafuna kapena kuuphwanya. Ku Britain mtundu umenewu umaperekedwa ndi dokotala, makamaka kwa anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo, ndipo samwa kupitirira masabata 13 popanda kuonedwanso.

Mukamwa, zimitsani magetsi owala ndipo foni muiike patali. Apa ndi pamene ambiri amaonongera zonse, chifukwa munthu amameza piritsi louza thupi kuti kwada, kenako n'kugona chagada foni ili pamphuno akuwerenga mauthenga a pa WhatsApp, kuwala kwake kukuuza ubongo kuti kukadali masana. Mowa musauphatikize ndi melatonin, ndipo tiyi ndi khofi zithere masana.

Ndikuchenjezeni kwambiri za kumene mukugula. Ku America melatonin imagulitsidwa ngati chowonjezera pa zakudya, ndipo siiyesedwa mokhwima ngati mankhwala ena. Kafukufuku wa mu 2017 wa ku yunivesite ya Guelph ku Canada anapeza kuti m'mabotolo ambiri mlingo unali wosiyana ndi wolembedwa kunja, ndipo lina linali ndi melatonin yochuluka kuposa kasanu mlingo wolembedwawo. Botolo limene wachibale wakutumizirani kuchokera kunja, kapena logula pamsika, kalionetseni kaye kwa wazamankhwala kufamase.

Ena akamwa amamva mutu, chizungulire, nseru kapena kuwodzera masana, ndipo zikatero asayendetse galimoto kapena njinga yamoto. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa aipewe. Odwala khunyu, shuga, kuthamanga kwa magazi, ndiponso amene akumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kapena mapiritsi olera, afunse dokotala asanayambe. Mwana musamupatse mwa nzeru zanu, ndipo mtundu wooneka ngati maswiti muutsekere pamwamba pamene sangafikepo. Pakatha masabata awiri kapena atatu tulo tisakubwerabe, lekani kumwa ndipo pitani kuchipatala akakupimeni, makamaka ngati mnzanu wogona naye amakuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo.